Ndikuphunzira kuluka bulangete la mwana, koma Bingo sakundipatsa mpata

Nachisale: Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndithandizeni nzeru pa nkhani ziwiri zomwe zandibwerera pamodzi. Ndine woyembekezera, ndipo ndafunitsitsa kuti bulangete loyamba la mwanayu ndiluke ndi manja anga. Kuluka ndikuyamba kumene. Knit ndi purl, mitundu iwiri ya masitichi yoyambira poluka ndi singano ziwiri, ndazigwira, koma nsalu yanga ikumadzipinda m'mphepete, komanso masitichi akumachuluka okha ndikaluka mizere ingapo. Nkhani yachiwiri ndi galu wathu Bingo. Ali ndi zaka ziwiri, tinamulera kuyambira ali kakang'ono, ndipo amalowa m'nyumba. Ndikangotenga singano, iye wafika kale kudzatsamira mutu pamiyendo panga, ndipo mpukutu wa ulusi ukagwa pansi amauwakha n'kuthawa nawo. Apongozi anga akuti timupereke kwa anthu ena mwana asanabadwe. Mtima wanga sukulola, koma sindikufunanso kuika mwana pachiswe. Ndipange bwanji?

Agogo a Thoko: Mwananga, mwasankha ntchito yabwino. Ndiyambe ndi kupindika kuja. Ngati mukuluka mzere umodzi knit, wotsatira purl, ndiye kuti mukuluka stockinette, ndipo stockinette imapindika kwa wina aliyense, ngakhale amene wakalambira pa singano. Nkhope yake ndi kumbuyo kwake sizikoka mofanana, ndiye m'mbali mumapindikira kumbuyo, pamwamba ndi pansi pamapindikira kutsogolo. Kusita sikuthetsa. Chomwe chimathetsa ndi kuika malire a garter, kutanthauza malo olukidwa knit yokhayokha: mizere 10 yoyamba lukani knit yokhayokha, kenako pa mzere uliwonse masitichi 6 oyamba ndi 6 omaliza akhale knit, ngakhale pa mzere wa purl, ndipo mudzatsirize ndi mizere 10 ya knit. Koma ine ndikanakhala inu, bulangete loyambali ndikanaluka lonse knit yokhayokha. Limagona bwinobwino, limakhala lofewa, mbali zonse ziwiri zimaoneka mofanana, ndipo manja amazolowera msanga.

NaPhiri: Za masitichi ochulukawo, yang'anani pomwe mukuyambira mzere. Mukatembenuza ntchito, ulusi uyenera kulendewera pansi pa singano. Ukadutsa pamwamba pa singano n'kupita kumbuyo, umakoka sitichi yoyamba ija mpaka miyendo yake iwiri kuoneka pamwamba, ndiye munthu amaluka yonse iwiri poyesa kuti ndi masitichi awiri. Malo ena ndi posintha kuchoka pa knit kupita pa purl. Ulusi uzidutsa pakati pa singano ziwirizo. Ukadutsa pamwamba pamabadwa sitichi yatsopano, ndi kabowo pansi pake. Mukaona kabowo pamalo pomwe simunakafune, ndi pomwepo pomwe sitichi yowonjezera inalowera. Muziwerenga pakutha pa mzere uliwonse mpaka mutazolowera.

Nachisale: A NaPhiri, ndayang'ana pompano, ndi yoyamba ija ndithu. Ulusi umakhala uli pamwamba. Zikomo kwambiri. Nanga ndiyambe ndi masitichi angati kuti bulangete likhale la msinkhu woyenera?

Agogo a Thoko: Funso limenelo silingayankhidwe musanaluke kachitsanzo. Ndikudziwa ambiri amakadumpha chifukwa mtima uli kale pa bulangete, koma kamapulumutsa masabata a ntchito. Yambani ndi masitichi 30, lukani mpaka kachidutswako katalike masentimita 12 kapena kuposerapo, kachapeni momwe muzidzachapira bulangete, kaume, kenako yezani ndi tepi pakati pake kuti pa masentimita 10 pali masitichi angati. Ulusi wa DK, womwe ndi wonenepa mwapakatikati, pa singano za 4 mm umapereka masitichi pafupifupi 22, koma manja amasiyana, wina amathinitsa, wina amakhwepetsa. Tiyerekeze kuti mwapeza 22 ndipo mukufuna bulangete la masentimita 75 m'lifupi: ndiye masitichi 165. M'litali masentimita 90 amakwana. Masitichi ochuluka choncho sangakhale bwino pa singano zowongoka, amathithikana n'kumapulumuka kumapeto. Pezani singano zolumikizidwa ndi chingwe zija, za masentimita 80 kapena 100. Simuluka mozungulira ayi, mumaluka kupita ndi kubwerera monga mwa nthawi zonse, koma kulemera kwa bulangete kumakhala pamiyendo, mikono sitopa.

Tiyamike: Anti, bwanji osangoluka ndi crochet, ija ya kasingano kamodzi kangowe? Imathamanga, ndipo ndi sitichi imodzi yokha yomwe imakhala pa singano, galu akakoka simutaya mzere wonse.

Agogo a Thoko: Imathamangadi, Tiyamike, koma maluko ambiri a crochet amakhala ndi mabowo akuluakulu, ndipo tizala ta khanda timakodwamo. Imadyanso ulusi wambiri. Amene wayamba kale ndi singano ziwiri apitirize. Koma kasingano ka crochet kakhale pafupi, ndi komwe timakolera sitichi yopulumuka n'kuikweza mzere ndi mzere mpaka ibwerere pamalo pake.

Yamikani: Ine ndimagwira ntchito ku chipatala cha ziweto, ndiye mundilole ndilowerere pa za Bingo, chifukwa nkhani ya ulusiyo ndi yofunika kuichitira changu kuposa ya mwana, imene ili ndi nthawi. Galu akameza ulusi wautali, mutu wina umatha kukodwa pansi pa lilime kapena potulukira m'chifu, pomwe wotsalawo ukupitirira m'matumbo. Matumbo amayesetsa kuukankha, koma poti wakodwa, iwowo ndi amene amakwinyikira pa ulusiwo ngati nsalu ya kabudula pa chingwe cha m'chiuno. Ulusi wokokekawo umatha kucheka matumbo mpaka kuboola. Timaziona kawirikawiri kwa amphaka, koma agalu nawo zimawachitikira, ndipo nthawi zambiri zimathera pa opareshoni. Zizindikiro zake ndi kusanza mobwerezabwereza, kukana chakudya, kufooka, ndi kumva ululu mukamugwira pamimba. Mukadzaona ulusi ukulendewera m'kamwa kapena kumbuyo kwake, chonde musaukoke. Kukokako ndi kumene kumang'amba. Thamangani naye kwa a vetenale. Tizidutswa tomwe mumadula tija musatisiye pansi, ndipo ulusi ndi singano muzisunga m'chikwama chotseka ndi zipi, pamwamba pomwe sangafike.

Nachisale: Achimwene, mwandiopsa koma mwachita bwino kunena. Sanamezepo, amangothamanga nawo pabwalo ife n'kumamuthamangitsa.

Bambo Mbewe: Kumuthamangitsako ndi komwe akufuna, mayi. Kwa iye ndi masewera okoma kwambiri a tsikulo: akatenga mpukutu, nyumba yonse imadzuka kumutsatira. Lekani kumuthamangitsa. Akatenga, khalani phee, tengani chidole chake kapena kachakudya komwe amakakonda, mumuitane, akasiya ulusi mumupatse. Muzinena mawu amodzimodzi nthawi zonse, monga "siya". Komanso muike mpukutu m'mbale yakuya kapena m'kachikwama pambali panu kuti usamagubuduzike, chifukwa chomwe chimamudzutsa ndi kuyenda kwakeko.

Ndipo ine ndikuona mwayi pamenepa. Nthawi yolukayo ndi nthawi yomwe manja anu onse awiri ali otangwanika, maso anu ali kwina, ndipo pamiyendo panu pali chinthu chomwe iye saloledwa kukhudza. Mawa mukamadzayamwitsa zidzakhala chimodzimodzi. Ndiye muphunzitseni panopa. Muikireni chogonera chake pakona pomwe angamakuoneni. Mukatenga singano, muuzeni "pamalo pako", akagona pamenepo muponyereni kanthu. Poyamba adzakhala kanthawi kochepa n'kudzuka. Mubwezeni modekha, osakalipa. Mukamaliza kuluka, ikani ntchito m'chikwama, kenako mumuitane musewere naye. Bulangete la masitichi 165 pa mzere si la tsiku limodzi. Podzafika pomaliza, Bingo adzakhala atadziwa kuti mukakhala pampando uwo ndi kanthu m'manja, malo ake ndi paja.

Mayi a Pempho: Ine mundikhululukire, ndili mbali ya apongozi. Galu ndi galu basi. Mungamuphunzitse bwanji, m'mutu mwake simungalowemo. Khanda silingathawe, silingakuwe kuitana munthu. Anthu ambiri amene ana awo analumidwa amanena mawu amodzi, akuti "sanalumepo munthu chiyambire". Ine sindikanagona tulo.

Yamikani: Amayi a Pempho, mantha anuwo ali ndi maziko, ndipo pa mfundo imodzi tikugwirizana kotheratu: palibe galu amene angasiyidwe yekha ndi khanda, ngakhale wofatsa chotani, ngakhale kwa mphindi imodzi yokatenga thewera. Mukatuluka m'chipinda, tulukani ndi mwana kapena tulutsani galu n'kutseka chitseko. Ana ambiri amalumidwa ndi galu amene akumudziwa, wa pakhomo kapena wa anansi. Koma mawu oti "analuma mwadzidzidzi" nthawi zambiri amatanthauza kuti anthu sanaone chenjezo. Galu wosautsika amayamba ndi zing'onozing'ono: kunyambita milomo pomwe palibe chakudya, kuyasamula pomwe alibe tulo, kutembenuzira mutu kumbali, kuonetsa zoyera za m'maso, kuuma thupi. Kenako ndi pomwe amadzuma. Akadzuma musamumenye. Mukamumenya mumamuphunzitsa kusiya kuchenjeza, koma kusautsika kwakeko kumatsala, ndiye tsiku lina amadzaluma osadzuma. Muchotseni pamalopo mwakachetechete, muone chomwe chamusautsa.

Galu amene analumapo munthu, kapena amene amaopseza anthu akayandikira mbale yake, kapena amene amathamangitsa ndi kugwira tinyama tating'ono mosaletseka, ameneyo nkhani yake ndi ina, ndipo kumupezera khomo lina kungakhale chilungamo kwa onse. A Nachisale, Bingo ali ndi khalidwe lililonse mwa amenewa?

Nachisale: Ayi. Mbale yake timaichotsa akudya, sachita kanthu. Ana a alendo amasewera nawo. Vuto lake ndi kudumphira anthu posangalala, ndiponso amakonda kukwera pabedi pathu m'mawa.

Bambo Mbewe: Ziwiri zimenezo zithe panopa, mwana asanafike. Ngati chipinda chogona chidzakhale choletsedwa, chiletsedwe lero. Mukadzamutsekera kunja tsiku lomwe khanda lalowa, adzaona kuti zabwino zake zonse zatha chifukwa cha mlendoyo. Pa kudumpha, akadumpha mufulatireni osamuyang'ana, miyendo yonse inayi ikakhala pansi ndi pomwe mumusisite. Aliyense m'nyumba azichita chimodzimodzi, apo ayi sizigwira. Ndipo kuchotsa mbale akudya kuja, poti mwaona kale kuti alibe vuto, kusiyeni. Adye mwamtendere, ndipo mwana akadzayamba kukwawa mbale izikhala komwe mwanayo sangafike. Nyengo yokwawayo ndi yomwe imavuta kuposa ya ukhanda, chifukwa mwana amatsatira galu, kumukoka makutu ndi mchira, iye kusowa kothawira.

NaPhiri: Ndibwerere ku bulangete pang'ono, chifukwa ine ndi namwino ndipo pali china chomwe sindingachisiye. Bulangete lolukali lidzakhala labwino pomunyamulira mwana, pomuyamwitsa, pomugoneka pansi ali maso inu muli pomwepo. Koma pogona tulo samalani. Khanda ligone chagada, pa matiresi olimba ndi osalala, nkhope ndi mutu zili pamtunda. Madokotala a ana a ku America, a bungwe la American Academy of Pediatrics, amalangiza kuti m'kabedi ka mwana wosakwana chaka musakhale bulangete lotayirira, pilo kapena zidole zofewa. Ku Britain amalola bulangete lopepuka, koma mapazi a mwana akhale kumapeto kwa kabedi, bulangete lifike pachifuwa pokha, m'mbali mwake mulowetsedwe pansi pa matiresi kuti lisakwere kumaso. Onse akuopa chinthu chimodzi, kubanika ndi kutenthedwa kwambiri. Pofuna kudziwa ngati mwana watenthedwa, gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Manja ndi mapazi a khanda amakhala ozizirira ngakhale thupi lili bwino, ndipo amayi ambiri amawonjezera zofunda chifukwa cha zimenezo. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi DK. Ulusi wonenepa umathamanga kuluka koma bulangete lake limalemera ndi kutentha. Musaikenso mphonje, mabatani kapena maliboni.

Tiyamike: Nanga ulusi wake ukhale wanji? Ine ndimaona wa ubweya wa nkhosa ndiwo wapamwamba.

Agogo a Thoko: Wapamwamba ndi womwe mayi wotopa angauchape kawirikawiri osaopa. Bulangete la khanda limabwezeredwa mkaka, limanyowa, ndipo m'nyumba ya galu lidzatolanso ubweya. Ubweya wa nkhosa weniweni ukachapidwa m'madzi otentha ndi kufikisidwa umagwirana n'kufinyika, bulangete lonse kusanduka kachiguduli kolimba, pokhapokha pakapepala pake atalemba kuti superwash, kutanthauza kuti unakonzedwa kuti usamafinyike pochapa. Acrylic wofewa amapirira kuchapa, koma asaone simbi, amasungunuka ndi kutaya mphamvu yake. Thonje ndi labwino kotentha, koma silitamuka, ndiye limapweteka zala za wophunzira. Mohair ndi ulusi wina uliwonse wa cheya chouluka musagule, timaubweya take timalowa m'kamwa ndi m'mphuno mwa mwana. Poyesa, khudzitsani mpukutu pakhosi panu. Ukakuyabwani, mwana udzamuyabwa koposa.

Chinanso, pakapepala kokulunga mpukutu pamakhala nambala ziwiri, ya mtundu ndi ya dye lot, kutanthauza ulusi womwe unanyikidwa mu utoto nthawi imodzi. Gulani wonse pamodzi, nambala yachiwiriyo ikhale yofanana, ndipo muwonjezere mpukutu umodzi. Mukadzagula wina pambuyo pake, pabulangete pamaoneka mzere pomwe mtundu wasinthira, makamaka padzuwa. Mpukutu ukamatha, lumikizani watsopano poyambira mzere, musiye michira ya masentimita 15 kuti mudzailowetse m'nsalu ndi singano yosokera ya nsonga yobuntha. Mfundo pakati pa bulangete imamasuka pochapa.

Mayi a Pempho: Chabwino, mwandifewetsa pang'ono, koma nanga matenda? Galu amanyambita chilichonse kunjako.

Yamikani: Funso lenileni limenelo. Pali zitatu zoti zichitike mwana asanabadwe. Katemera wa chiwewe akhale wa nthawi yake, yang'anani pakhadi lake. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo pafupifupi anayi mwa olumidwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15, choncho apa palibe kunyengerera. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa ndi galu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Pali njoka ina, Toxocara, yomwe mazira ake amatuluka m'chimbudzi cha galu n'kukhala m'dothi nthawi yaitali, ndipo mwana wokwawa amene amaika manja m'kamwa angawameze. Galu wamkulu timamupatsa mankhwala pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndipo pakhomo pa mwana wamng'ono a vetenale angakuuzeni kuti muzipereka pafupipafupi kuposa apo. Chimbudzi chake chizichotsedwa tsiku lomwelo. Chachitatu ndi utitiri ndi nkhupakupa. Ndipo asamanyambite nkhope kapena manja a khanda.

Tiyamike: Ndinamva kuti mwana akabadwa, bambo atenge bulangete lomwe wafunda kuchipatala akanunkhitse galu kunyumba kuti adziwe fungo lake. Ndiye bulangete la anti ligwira ntchito ziwiri!

Bambo Mbewe: Anthu amachitadi, ndipo sikulakwa, koma ine sindiikapo mtima kwambiri. Kununkhiza kamodzi sikungalowe m'malo mwa miyezi yophunzitsa. Ndaona anthu akudalira zimenezo basi, galu asanaphunzire ngakhale kukhala pansi. Ndipo lisakhale bulangete lenilenilo. Galuyu wakhala akuona ulusi umenewu ngati choseweretsa. Mukamupatsa bulangete kuti alinunkhize ndi kulikoka, mawa mwana ali m'kati mwake adzafunanso kulikoka. Chinthu chomwe chimathandiza kwambiri ndi phokoso. Pezani kulira kwa khanda pa foni, muziliza motsitsa iye akudya kapena akusewera, n'kumakweza pang'onopang'ono pa masiku angapo. Ndipo tsiku lobwera kuchokera kuchipatala, wina ayambe wamuyendetsa atope, mwana anyamulidwe ndi munthu wina, mayi alowe manja ali opanda kanthu kuti Bingo awalandire n'kukhazikika. Akatero ndi pomwe amuone mwana, ali pa chingwe, mayi atakhala pansi.

Agogo a Thoko: Ngati mukufuna za fungozo, kachitsanzo kaja kalipo. Kakhale pafupi ndi zovala za mwana kuchipatala, bambo akabwere nako, Bingo akanunkhize kali m'manja mwawo, kenako kabisidwe.

Yamikani: Kali m'manja mwawo, ndatsindika pamenepo. Kachidutswa kolukidwa kakatafunidwa kamamasuka n'kukhala ulusi wautali uja.

Nachisale: Ndabweranso kudzakuuzani momwe zikuyendera. Kachitsanzo ndaluka, ndachapa, ndapeza masitichi 21 pa masentimita 10, ndiye ndayamba ndi 158 pa singano za chingwe, knit yokhayokha monga ananenera agogo. Chiwerengero sichikusinthanso. Bingo tinapita naye kwa a vetenale, katemera ali bwino, wamwa mankhwala a njoka. Pamalo pake akumagona ndikamaluka, ngakhale akamva mpukutu ukugubuduka m'mbale makutu amaima. Chitseko cha kuchipinda tikutseka, masiku oyamba amalira pakhomo, pano wasiya. Apongozi ndinawawerengera zomwe analemba achimwene a Yamikani ndi amayi a Pempho omwe. Sanavomere kwenikweni, koma akuti aona akadzabwera kudzatithandiza, ndipo lamulo loti galu asatsale yekha ndi mwana alikonda. Funso lomaliza kwa agogo: m'mphepete momwe ndinayambira mukuoneka mothina kuposa pakati. Ndimasule?

Agogo a Thoko: Yalani pathebulo muyeze. Ngati kusiyana kwake ndi sentimita imodzi kapena ziwiri, pitirizani, mudzakonza pochapa: mudzalifinye m'thawulo osalipotokola, mudzaliyale pamalo osalala n'kukoka m'mphepetemo pang'ono lisanaume. Osalipachika pa chingwe, madzi amalikoka n'kulitalikitsa. Koma ngati pansipo pakukwinyika moonekeratu, masulani panopa mizere ikadali yochepa, muyambirenso ndi singano ya 5 mm pa mzere woika masitichi wokhawo, kenako mubwerere ku 4 mm. Potseka kumapeto mudzachitenso chimodzimodzi, singano yaikuluyo ikhale kudzanja lamanja, kuti mbali ziwirizo zitamuke mofanana.